Utsi Sufuka Popanda Moto: Mbiri ya Mabwalo a Milandu m'Malawi

Pali mwambi umene pafupifupi mwana aliyense wa m'Malawi adaumvapo, woti utsi sufuka popanda moto. Agogo amaunena akamva mphekesera za m'mudzi, ndipo aphunzitsi amaunena mwana akamakana mlandu pamene anzake onse akumuloza chala. Koma ndi adzukulu ochepa amene amadziwa kuti m'chaka cha 1977 mwambi womwewu udagwiritsidwa ntchito m'bwalo la milandu la boma, nuthandiza kupereka munthu ku chingwe. M'mene izi zidachitikira ndiyo mbiri ya mabwalo a milandu a dziko lino, kuyambira pansi pa mtengo wa kachere mpaka pa chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 chimene chidathetsa chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Mbiriyi njoyenera kuidziwa, pakuti amene sadziwa m'mene mwambo udapotozedwera kale angathe kunyengedwanso ndi aliyense wobwera ndi dzina la mwambo pakamwa.

Bwalo la makolo

Azungu asanafike, mlandu unkayambira pakhomo. Mwamuna ndi mkazi akayambana, oyamba kuitanidwa adali ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Mwana akadyetsa mbuzi m'munda mwa eni, kapena mnyamata akapatsa mtsikana pathupi, woyankha adali mwinimbumba, amene kwa Achewa ndi Amang'anja kawirikawiri amakhala atsibweni. Zikalaka pamenepo mpamene nkhani inkapita kwa nyakwawa, ndipo zikalakanso inkakwera kwa mfumu yaikulu. Motero mlandu pofika pabwalo lalikulu unkakhala utapunthidwa kale m'mitondo ingapo, gaga wambiri atachoka.

Bwalo lenilenilo lidali poyera, pamthunzi, pomwe aliyense wofuna kumva ankatha kukhala pansi n'kumva. Wodandaula ankayamba kufotokoza, kenaka woyankha mlandu ankapatsidwa nthawi yake, ndipo palibe ankaloledwa kudula mnzake mawu. Mboni zinkaimikidwa pamaso pa anthu amene ankazidziwa bwino, kotero kuti wabodza ankaopa maso a anansi ake kuposa ndodo ya mfumu. Nduna ndizo zinkafunsa mafunso, kutembenuza nkhani uku ndi uku. Mfumu inkalankhula pomaliza, itamva maganizo a akuluakulu, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Wolakwa ankapereka chindapusa cha nkhuku, mbuzi, makasu kapena nsalu, ndipo cholinga chake chidali chakuti anthu awiriwo adzamwerenso pachitsime chimodzi ndi kuyenderana pamaliro. Makolo adalibe ndende. Adali ndi chikumbumtima cha mudzi wonse, n'chifukwa chake ankati mlandu suwola. Woweruza ndi mboni yemwe ankachenjezedwa kuti mlandu sagula ndi chipanda cha mowa.

Komabe kunena kuti bwalo la makolo lidali langwiro kungakhale kunamiza adzukulu. Eni ake ankadziwa kufooka kwake, nakuika m'miyambi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mbalame ikatera pauta silasika: mawu amenewa ankadandaula za mlandu wokhudza mbale wa mfumu kapena munthu wamphamvu. Kapolo adalibe mawu olingana ndi a mfulu. Choopsa koposa chidali mwabvi. Munthu akaganiziridwa ufiti, mapondera ankasinja khungwa la mtengo wa mwabvi nammwetsa. Akasanza ankati ngosalakwa, akafa ankati mlandu wamugwira. Nthawi zina nkhuku kapena galu ndiye ankamwa m'malo mwa munthu, koma anthu osawerengeka adafa kaamba ka mphekesera chabe. Apo utsi wokha unkakwana kupha.

Makhoti a atsamunda

Dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain m'chaka cha 1891, ndipo mu 1907 lidapatsidwa dzina loti Nyasaland. Lamulo la mu 1902 lidakhazikitsa bwalo lalikulu la High Court, nilibweretsa malamulo a ku England. Lamulo lomwelo lidati pa milandu ya pakati pa anthu akuda makhoti azitsogozedwa ndi mwambo wa eni dziko, pokhapokha ngati mwambowo ukutsutsana ndi chilungamo ndi makhalidwe abwino. Amene ankayeza chilungamo ndi makhalidwewo adali mzungu yemweyo. Mu 1911 boma lidaletsa mwabvi, kulosera mfiti ndi kunenera munthu ufiti. Lamuloli lidapulumutsa miyoyo, koma lidasiya ambiri akung'ung'udza kuti boma lasanduka mtetezi wa afiti, ndipo kung'ung'udza kumeneko kudapitirira mpaka m'nthawi ya ufulu.

Kwa zaka zambiri woweruza wa anthu wamba adali bwana DC, amene ankamva mlandu kudzera mwa womasulira, ali yemweyo wotolera msonkho ndi wolamula apolisi. Mu 1933 atsamunda adabwezera mafumu mphamvu zina pokhazikitsa makhoti a mafumu ovomerezeka ndi boma. Makhotiwa ankaweruza za maukwati, ngongole, chigololo, minda ndi milandu ing'onoing'ono, koma milandu ya kupha inkapita ku High Court, ndipo DC adali ndi mphamvu younikanso chigamulo cha mfumu. Vuto lidadza pamene mafumu omwewo adapatsidwa ntchito yolanga anthu okana kulima mizere ndi milambala monga ankafunira alangizi a boma, makamaka m'zaka za m'ma 1950. Anthu adayamba kuona khoti la mfumu ngati dzanja la mtsamunda.

N'chifukwa chake pamene ufulu unkayandikira, lamulo la mu 1962 lidalekanitsa makhoti a m'madera ndi ulamuliro wa mafumu. Mmodzi mwa amene adagwira ntchito yokonza makhotiwa adali Orton Chirwa, loya woyamba wa chikuda m'dziko muno, amene adakhazikitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959, ndipo pambuyo pake adakhala nduna ya za chilungamo. Dzina limeneli adzukulu aligwire, pakuti libweranso.

Chilobwe ndi makhoti a mwambo

Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu oposa 30 adaphedwa mwankhanza usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira mzinda wa Blantyre. Mantha adagwira mzinda wonse. Mphekesera zidawanda zoti boma lenilenilo ndilo likupopa magazi a anthu kuti likabwezere ngongole ku South Africa. Mu 1969 anthu asanu adazengedwa mlandu ku High Court pa imodzi mwa imfazi, koma woweruza adawamasula poona kuti umboni sudakwane. Aphungu adakalipa m'Nyumba ya Malamulo, ponena kuti majaji a chizungu ndi maloya akupulumutsa zigawenga ndi machenjerero a m'mabuku. Dr Hastings Kamuzu Banda adatsogolera kudzudzulako.

Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la makhoti a m'madera, niwatcha makhoti a mwambo, m'Chingerezi Traditional Courts. Padakhazikitsidwa khoti la mwambo m'chigawo chilichonse mwa zigawo zitatu, ndi lina la apilo la dziko lonse. Makhotiwa adapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya kupha ndi kulamula kuti munthu anyongedwe, ndipo patapita zaka zingapo adawonjezeredwa milandu youkira boma. Majaji anayi a chizungu a ku High Court adatula pansi udindo posagwirizana nazo.

Apa m'pofunika kudekha, pakuti dzina lingathe kunyenga. Oweruza ambiri a m'makhotiwa adali mafumu, koma wowasankha ndi wowachotsa adali mtsogoleri wa dziko. Wozengedwa mlandu sankaloledwa kuimiridwa ndi loya. Makhotiwa sankamangidwa ndi malamulo a kaperekedwe ka umboni amene High Court inkatsata. Wogonja sankatha kuchita apilo ku High Court kapena ku Supreme Court. Boma ndilo linkasankha khoti loti mlandu upiteko. Pabwalo la makolo munthu sankaima yekha, ankakhala ndi mwinimbumba womulankhulira. Kuno adamuchotsera loya osamubwezera mwinimbumba. Pabwalo la makolo mfumu inkaopa anthu ake, amene akadatha kuisamukira ikaweruza mokondera; kuno mfumu inkaopa munthu mmodzi wokhala kunyumba ya boma. Chidatsala cha mwambo chidali chipewa chokha.

Mwambi pakhosi pa munthu

Albert Muwalo adali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress ndiponso nduna, ndipo Focus Gwede adali mkulu wa nthambi ya apolisi achinsinsi. Onse awiri adali anthu oopedwa, ndipo ambiri ankawaloza chala pa za anthu amene ankatsekeredwa ku Mikuyu ndi m'ndende zina popanda kuzengedwa mlandu. Mu 1976 iwonso adagwidwa, ndipo mu 1977 adaimikidwa m'khoti la mwambo pa mlandu wofuna kugwetsa boma. Kuwonjezera pa nkhani ya mfuti, khoti lidalandira ngati umboni makalata owaneneza opanda maina a owalemba. Chifukwa chimene lidapereka ndi mwambi uja, woti utsi sufuka popanda moto. Onse adagamulidwa kuti afe. Muwalo adanyongedwa chaka chomwecho, pamene Gwede adasinthiridwa chilango nakhala m'ndende mpaka 1993.

Ochepa adawalira amuna awiriwa, ndipo ena adangoti choipa chitsata mwini. Koma mlanduwu uli ndi phunziro losadalira ubwino kapena kuipa kwa ozengedwawo. Kalata yopanda dzina ndi mboni yopanda nkhope: siifunsidwa mafunso, siichita manyazi, siidziwika ngati ili ndi chidani. Palibe nyakwawa yodziwa ntchito yake imene ikadalola kuti munthu wobisala kuseri kwa nkhokwe aponye mawu pabwalo, mawuwo n'kugamulirapo mlandu. Amene adaombera m'manja mu 1977 adaiwala mwambi wina, woti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mawa lake lidafika. Orton Chirwa, amene adathawira ku Tanzania pa mkangano wa nduna wa mu 1964, adagwidwa pa 24 Disembala 1981 pamodzi ndi mkazi wake Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi wa dziko lino. Iwo adaumirira kuti adabedwa ali kum'mawa kwa Zambia. Boma linkati adalowa okha m'Malawi. Mlandu wawo woukira boma udazengedwa m'khoti la mwambo la chigawo cha kumwera ku Blantyre. Adakanizidwa maloya, adakanizidwanso kuitana mboni zimene ankafuna, kotero kuti adadziimirira okha. Mu Meyi 1983 adagamulidwa kuti anyongedwe, ndipo apilo yawo idakanidwa mu Febuluwale 1984. Maiko ndi mipingo ya kunja itachonderera, chilangocho chidasinthidwa mu Juni 1984 kukhala ndende ya moyo wonse. Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992. Vera Chirwa adatulutsidwa pa 24 Januwale 1993, atakhala m'ndende zaka zoposa 11. Munthu amene adathandiza kukonza makhoti a m'madera kuti achoke m'manja mwa olamulira adafera m'ndende ndi chigamulo cha makhoti omwewo atapotozedwa.

Malamulo atsopano

Pa 8 Marichi 1992 m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi imene, mwa zina, idadandaula za anthu otsekeredwa popanda mlandu ndi kufunika kwa makhoti oima paokha. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse adasankha zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho makhoti a mwambo a m'zigawo ndi la apilo lija adaimitsidwa. Malamulo oyendetsera dziko amene adayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994 adalembedwa ndi anthu amene mabala awo adali asanapole. Gawo 5 limati lamulo lililonse kapena mchitidwe uliwonse wa boma wotsutsana ndi malamulo aakuluwa ngwachabe. Gawo 42 limapatsa wogwidwa ufulu wouzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48, woimiridwa ndi loya, wofunsa mafunso mboni zomuneneza, ndi wotengedwa ngati wosalakwa mpaka khoti litampeza wolakwa. Gawo 103 limati makhoti aziweruza mosalamulidwa ndi munthu aliyense. Gawo 110 limalola Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa makhoti a mafumu kapena a anthu wamba, koma a milandu ya mwambo ndi milandu ing'onoing'ono yokha. Mfumu sidzanyongetsanso munthu.

Mmodzi mwa oyamba kupindula ndi ufulu umenewu adali Dr Banda mwini. Mu 1995 iye, John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu wokonza chiwembu chopha Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene mitembo yawo idapezeka ku Mwanza mu Meyi 1983, boma n'kunena kuti idali ngozi ya galimoto. Mlanduwu udazengedwa ku High Court, ozengedwawo adali ndi maloya odziwa ntchito, kuphatikizapo wochokera ku Britain, ndipo mu Disembala 1995 adamasulidwa. Abale a ophedwawo adapwetekedwa mtima, ndipo ambiri adati utsi udali wochuluka. Koma khoti lidafuna kuona moto, ndiko kuti umboni wogwirika wosonyeza amene adalamula. Chimene Chirwa adamanidwa, Ngwazi idapatsidwa. Umo ndi m'mene lamulo loona limakhalira: limafunditsa ngakhale amene adavula anzake.

Mpata umene udatsala

Kuthetsedwa kwa makhoti a mwambo kudasiya mpata kumidzi. Makhoti ang'onoang'ono ambiri adasandutsidwa a majisitireti, koma munthu wa kutali ndi boma ankafunika kuyenda mtunda wautali ndi kudikira miyezi kuti nkhani ya malire a munda imveke. Motero anthu adapitiriza kupita kwa nyakwawa ndi gulupu monga kale, kupereka chabwalo, ngakhale zigamulo za kumeneko zidalibe mphamvu ya khoti. Mu 2011, pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lobwezeretsa makhoti a m'madera, koma ambiri amene ankakumbukira za Muwalo ndi Chirwa adalitsutsa, ndipo makhotiwo sadatsegulidwe m'zaka zotsatira. Wolumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe.

M'malo mwake malamulo adalowa m'mudzi kudzera pa makomo ena. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidaika kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake kukhala mlandu. Lamulo la maukwati la mu 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa kuti agwirizane nalo. Mafumu ena, monga Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, adatchuka pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, kusonyeza kuti ufumu ndi lamulo zingathe kukoka goli limodzi. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 lidakhazikitsa makomiti ndi mabwalo oona za mikangano ya malo, momwe mafumu ali ndi mpando, amayinso ali ndi mipando yawo.

Makhoti akuluakulu nawo adayamba kusesa malamulo akale. Mu Epulo 2007, pa mlandu wodziwika ndi dzina la Kafantayeni, High Court idagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha, osaona m'mene zidachitikira. Kuyambira mu 2015 akaidi otere adamvedwanso mmodzimmodzi, anyakwawa a kwawo akufunsidwa za mbiri yawo, ndipo oposa 100 adabwerera kumudzi. Mu Epulo 2021 Supreme Court idaoneka ngati yathetseratu chilango cha imfa, koma mu Ogasiti chaka chomwecho majaji adalongosola kuti sichidali chigamulo cha ambiri mwa iwo, kotero chilangocho chidatsalabe m'mabuku, ngakhale womaliza kunyongedwa adanyongedwa mu 1992. Mu Januwale 2017 khoti lidathetsa ndime ya lamulo la vakabu, lochokera kwa atsamunda, limene linkalola apolisi kugwira munthu chifukwa chongomukayikira. Adalitengera kukhoti adali wogulitsa majumbo wa mu Blantyre, amene adagwidwa m'bandakucha mu 2015 akupita ku malonda ake. Lamulo la vakabu lidali utsi wina wopanda moto, ndipo amene linkawapsereza maso adali amphawi.

Chigamulo cha 2020

Pa 21 Meyi 2019 padachitika chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Bungwe loyendetsa zisankho, lotsogozedwa ndi Jane Ansah, lidalengeza kuti Peter Mutharika wapambana ndi mavoti pafupifupi 38.6 mwa 100 alionse, Lazarus Chakwera 35.4, ndi Saulos Chilima 20.2. Chakwera ndi Chilima adakadandaula kukhoti. Majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Michael Tembo, adakhala pansi ku Lilongwe kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Disembala 2019. M'misewu mudali zionetsero, ndipo majajiwo ankaperekezedwa ndi asilikali.

Chimene akuluakulu ambiri adachiona ngati chachilendo komanso chodziwika nthawi imodzi n'chakuti mlanduwu unkaulutsidwa pa wailesi, n'kumamasuliridwa m'Chichewa. M'minibasi, m'misika, m'maokala ndi pakhonde, anthu ankamva loya akufunsa mboni, mboni ikuzengereza, woweruza akuilamula kuti iyankhe. Dziko lonse lidakhala pansi pa kachere mmodzi. Mboni iliyonse idali ndi dzina ndi nkhope, ndipo pepala lililonse linkatambasulidwa pamaso pa mbali zonse. Wina adayesa kugula mlanduwu ndi chipanda cha mowa: Jaji Wamkulu Andrew Nyirenda adakanena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu kuti pali ofuna kupereka ndalama kwa majajiwo, ndipo mu 2021 High Court idapeza wamalonda wina wotchuka wolakwa pa nkhaniyi.

Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanuwo adawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Adapeza kuti pa mapepala ambiri a zotsatira manambala adafufutidwa ndi tipeksi n'kulembedwanso, kuti mapepala ena adali ongobwereza m'malo mwa enieni, kuti ena adalibe siginecha zofunika, ndiponso kuti bungwe lidalengeza wopambana lisanayankhe madandaulo moyenera. Adathetsa chisankhocho, nalamula china pasanathe masiku 150. Adamasuliranso kuti mawu a m'malamulo oti wopambana asankhidwe ndi ambiri atanthauza mavoti oposa theka. Supreme Court idavomereza chigamulochi pa 8 Meyi 2020. Mu Juni boma lidayesa kutumiza Jaji Wamkulu ku tchuthi chokakamiza, koma khoti lidaletsa, ndipo maloya adayenda m'misewu atavala mikanjo yawo. Pa 23 Juni 2020 anthu adaponyanso voti, ndipo Chakwera adapambana ndi mavoti pafupifupi 59 mwa 100 alionse.

Mu Africa, Kenya yokha ndiyo idali itathetsapo chisankho cha mtsogoleri kudzera m'khoti, mu 2017, koma Malawi ndiye adakhala woyamba kumene chisankho chobwereza chidachotsa wolamulira. Chaka chomwecho bungwe la Chatham House la ku London lidapatsa majaji asanuwo mphoto yake. Khoswe wa pamkhate adachotsedwa, mkhate osasweka. Ndipo kuti zidziwike kuti lamulo lilibe mbale, muyeso womwewo wa mavoti oposa theka udagwiranso ntchito pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, pamene Peter Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 57 mwa 100 alionse, Chakwera navomera kugonja.

Tanthauzo la mwambi

Mbiriyi isachititse mdzukulu aliyense kuganiza kuti makhoti a lero ngopanda banga. Milandu imachedwa, ena amakhala pa rimandi nthawi yaitali, maloya ngochepa ndiponso ngodula, ndipo madandaulo a ziphuphu m'makhoti amamvekabe. Kumidzi nkhalamba zimamenyedwabe, zina kuphedwa kumene, pongonenedwa ufiti, ngati kuti mapondera adangosintha malaya. Masiku ano kalata yopanda dzina siidikiranso positi. Imayenda pa foni, n'kufika kwa anthu chikwi dzuwa lisanapendeke.

Isachititsenso wina kunyoza mwambo. Zimene zidapangitsa anthu kukhulupirira chigamulo cha 2020 ndi zomwezo zimene nyakwawa yabwino inkasunga: mlandu uzengedwe poyera, mbali zonse zimvedwe, mboni ionekere nkhope, oweruza akhale angapo, ndipo chipanda cha mowa chikhale kutali. Makhoti a mu 1969 adatenga dzina la mwambo nataya zonsezi.

Nanga mwambi uja utani? Mwambiwo ngoona, ndipo sudalakwe. M'mudzi utsi ukafuka kuseri kwa phiri, anthu sathamangira kukagwira munthu. Amatuma anyamata kuti akaone. Mwina ndi lupsa, mwina ndi mlimi akutentha mapesi m'munda mwake, mwina ndi ana akuwotcha mbewa, mwinanso ndi mdani amene wayatsa dala pafupi ndi nyumba ya mnzake kuti anthu amuloze chala. Utsi umanena kuti kuli moto, koma sunena amene wauyatsa. Ntchito ya bwalo, kaya la pansi pa kachere kaya la ku Lilongwe, ndiyo kuyenda mtunda umene uli pakati pa utsi ndi motowo, n'kubwerako ndi chikuni m'manja choti onse achione. Mdzukulu amene adzakhale nyakwawa, nkhoswe, mphunzitsi wamkulu kapena jaji, akadzamva wina akunena mwambiwu pofuna kufupikitsa mlandu, adzakumbukire chaka cha 1977, ndipo adzayambe wafunsa amene wauona motowo ndi maso.